Barele wa Amalume ndi Chuku Chonenepa

Ntchito yanga yoyamba ya boma inali yophikira chuku. Ndikatero anthu amaseka, nanenso ndimaseka nawo, koma ndi mmene zinalili. Ndinali nditangomaliza kozi ya zaulimi pamene ananditumiza ku kasiteshoni ka kafukufuku kumapiri a Ntcheu, kuja madzi osamba a mwezi wa Juni amakupangitsa kuganiza kawiri ngati litsiro ndi tchimo. Zinali zaka zija zoti ukamapita kumsika uyambe wasisita m'thumba kuona ngati kadi ya chipani ilimo.

Labotale yathu inali chipinda chimodzi. Munali tebulo la simenti, zenera lalikulu loyang'ana kum'mawa, kabati yamatabwa, pulayimasi, poto wolemera wotseka ndi zomangira wophera tizilombo ndi nthunzi, ndi maikulosikopu imodzi imene tinkaifunditsa nsalu ngati khanda. Ogwira ntchito tinali awiri, ine ndi abwana anga, bambo wamtali wophunzira kunja, amene sankadziwa kukweza mawu ngakhale atapsa mtima.

Nthawi imeneyo boma linkafuna kuti alimi akumapiri azilima barele. Ndi mbewu yofanana ndi tirigu koma ya ndevu zazitali, ndipo ofulula mowa wa m'mabotolo ankaiitanitsa kunja. Alimi analandira mbewu, nadzala. Chaka choyamba zinakoma. Kenako kunabwera chiwawu. Masamba ankachita timizere tofiirira tolukana ngati ukonde, n'kuuma ngala zisanakhwime. Alimi anayamba kubwerera ku kachewere ndi nyemba zawo, ndipo akulikulu anatiuza mosapsatira kuti ngati sipapezeka mtundu wa barele wopirira chiwawu chimenechi, nkhani yonse ya barele ithera pomwepo.

Apa m'pamene amalume anga akulowera. Anali mlongo wawo wa amayi, ndipo ankakhala ku Mlangeni ndi akazi awo, amene ine ndinkawatchula kuti azakhali. Anakhalitsa ku Joni, poyamba m'migodi, ndipo chifuwa chitayamba kuwavuta anapita kumafamu akum'mwera kwenikweni komwe amalima tirigu ndi barele. Anzawo pobwera ankabwera ndi njinga, wailesi ndi makina osokera. Iwo anabwera ndi chifuwa chija, chijasi chachikulu, ndi njere za barele zosokerera m'kati mwa chijasicho, chifukwa kulowetsa mbewu m'dziko popanda chilolezo unali mlandu. Ana analibe. Anayesa kwa asing'anga, anayesa kuchipatala cha mishoni ku Nzama, mpaka anangosiya.

Barele wawoyo ankamulima pakadimba kuseri kwa khola la ng'ombe, pobisika, ndipo sankagawirako munthu ngakhale njere imodzi. Ankaopa kuti wina akawanenera kwa a chipani. Koma chiwawu chitapsereza minda ya anzawo, ndinapita kukacheza Loweruka lina ndipo anandikoka dzanja kupita nane kuseri kuja. Barele anali wobiriwira bii, wopanda banga.

"Waona, mphwanga?" anatero. "Wa boma wapsa, wanga ali chilili. Ukawauze akuluakulu ako. Akamudinda chidindo, ndigawira mudzi wonse. Ndikadzapita anthu azidzati, mbewu iyi idabwera ndi uje wa ku Mlangeni. Anzanga adzatchulidwa ndi ana awo, ine ndidzatchulidwa ndi ameneyu."

Ananena moseka, koma ine ndinkawadziwa. Anali atayika mtima wawo wonse pakadimba kaja.

Abwana nditawauza, poyamba anayang'ana kukhomo ngati pali wina akumva. Kenako anandifotokozera modekha kuti kubiriwira kokha si umboni. Mwina dimbalo linangopulumuka chifukwa lili palokha, mphepo yonyamula matenda siinafikepo. Kuti akulikulu akhulupirire, tinayenera kudzala barele wa amalume ndi wa boma m'zitini moyandikana, n'kuwathira matendawo dala, mofanana, kuti tione amene agwe. Chiwawu chimayamba ndi chuku, ndipo chuku chimafala ndi tinjere take tosaoneka ndi maso. Tinjere timeneti tinkafunika tambirimbiri, toti tisungunule m'madzi n'kupopera. Pa tsamba lodwala tinkapezapo towerengeka chabe. Tinayesako kumwaza mapesi odwala pakati pa zitini, koma matenda ankagwira apa n'kulumpha apo, ndipo abwana anati zotero palibe angazilandire. Panatsala njira imodzi, kuweta chukucho m'timbale tagalasi mpaka chibereke.

Kuweta chuku n'kuchiphikira. Buku limene tinali nalo linali la matenda a chimanga ndi fodya, ndipo linkati chuku chimakonda msuzi wa kachewere wothira shuga. Kachewere ku Ntcheu sasowa. Ndinkamusenda, kumuduladula, kumuwiritsa, kusefa msuzi pa kansalu, kuthira shuga ndi ufa wina woyera wochokera kunja wotchedwa agala, umene umalimbitsa msuzi ngati phala logona. Ndikatero ndinkautsekera mu poto wa nthunzi uja, kenako n'kuthira m'timbale pafupi ndi kanyali ka sipiriti, nditagwira mpweya kuti ndisapumiremo. Ukalimba, ndinkaikapo kachidutswa ka tsamba lodwala. Anyamata a m'munda pasiteshonipo ankandiseka kuti ndapita kusukulu zaka zonsezo kuti ndidzasende kachewere ngati mtsikana wa kuhotela. Ndinkawayankha kuti iwo anakana sukulu kuti adzanyamule manyowa, ndiye tinali ofanana.

Chuku chinamera mosavuta. Chinatuluka m'katsamba kaja n'kudzaza kambale konse ndi ubweya wotuwa, wofufuma mpaka kukhudza chivundikiro. Ndinasangalala kwambiri. Koma titaika pa maikulosikopu tinangoona ulusi wokhawokha wopiringizana, wopanda njere ngakhale imodzi. Chinali chikomekome cha mkuyu.

Tinakhala pansi ndi abwana kukambirana za chakudya. Apa ndiyenera kunena mmene tinkaganizira, chifukwa tonse tinkaganiza chimodzimodzi, wophunzira kunja ndi wophunzira konkuno. Barele ndi mlendo m'dziko muno, ndiye chuku chakenso ndi mlendo. Kwathu mlendo akakhala wosasangalala, sufunsa zambiri, umadziwa kuti ndiwo zachepa, ndipo umagwira nkhuku. Ng'ombe ikakhala yosabereka, umaionjezera msipu ndi madeya. Palibe aliyense wa ife amene anakulira pakhomo pomwe chinthu chosabereka amachichepetsera chakudya. Choncho tinati kachewere yekha sakukwana.

Tinayesa msuzi wa nyemba za kamumpanda. Tinayesa kachewere wosakaniza ndi kamumpanda. Tinayesa madzi a mgaiwa, madzi a tomato, madzi a karoti amene ndinakapempha kudimba la masisitere. Chilichonse tinkachithira shuga, ndipo tikaona kuti njere palibe tinkaonjezera shugayo. Chifukwa choti kunkazizira, timbale tinkatisunga mu kabati ija, mumdima, titatifunditsa bulangete lakale, pulayimasi ili chapafupi. Mlendo sagona pamphepo.

Panalinso china. Chuku chikadzaza kambale umayenera kudulako kachidutswa n'kukasamutsira m'kambale katsopano. Podula ndinkasankha pamene panenepa kwambiri, paubweya wambiri, monga mmene amayi ankasankhira chimanga cha mbewu, chitsononkho chachikulu chodzaza bwino. Abwana ankaona ndipo ankavomereza ndi mutu. Timbale tomera monyozoloka tinkatitaya msanga, osataya nthawi n'kutiyang'ana. Mwezi ndi mwezi chuku chathu chinkanka chinenepa. Ndikanakhala kuti ndikuweta nkhumba, bwenzi atandikweza pantchito.

Amalume anayamba kubwera kusiteshoni kudzazonda. Ankatsika basi pamsewu n'kukwera phiri pang'onopang'ono, akupumira m'njira chifukwa cha chifuwa, atavala chijasi chija ngakhale kutenthe. Sankabwera chimanjamanja. Tsiku lina botolo la mkaka wa ng'ombe yawo, tsiku lina uchi wa m'mphako, tsiku lina mazira okulunga m'masamba a chimanga.

"Mazira si a iwe," ankatero. "Ndi a mlendo. Usadye, ndikudziwa dyera lako kuyambira uli wamng'ono."

Mazira ndinkadya, chifukwa ngakhale abwana anavomereza kuti dzira m'kambale lingangonunkha. Koma uchi tinauyesadi, mkakanso tinauyesa. Shuga atayamba kusowa m'masitolo, amalume ankapita kwa bambo wina wachisilamu wa golosale pa Nsipe, mnzawo wakale, n'kumuuza kuti ali ndi mlendo wofooka amene sadya china koma shuga. Bamboyo, pomva chisoni, ankawasungira paketi pansi pa kauntala ndipo nthawi zonse ankafunsa za wodwalayo. Amalume ankayankha ndi nkhope yachisoni kuti akunenepa ndithu koma mphamvu palibe.

Ankakonda kusuzumira pa maikulosikopu. Ankavula chipewa, kutseka diso lolakwika, kenako lina, n'kukhala chiweramire nthawi yaitali.

"Ndikuona ulusi," anatero tsiku lina. "Ana ali kuti?"

"Palibe, amalume. Chikungonenepa, koma sichikubereka."

Anaweramuka, navala chipewa chawo.

"Ndiye kuti chatengera ine," anatero, n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Abwana anayang'ana pazenera. Ine sindinapeze poseka, ndipo ndinawapatsa madzi akumwa.

Ulendo uliwonse tikaganiza kuti tsopano zitheka, ankandipatsa njere zodzaza dzanja limodzi, zomanga pakansanza. Ndinkazidzala m'zitini kuti njere za chuku zikapezeka zipeze barele ali wanthete. Barele ankamera, kukula, kupitirira msinkhu woyesera, chuku chili duu. Asanatulutse ngala abwana ankati tizule ndi kutentha. Mbewu yopanda mapepala ikanapezeka itakhwima pamalo a boma, funso loyamba likanakhala lakuti inalowa bwanji m'dziko, ndipo masiku amenewo mafunso otere sankathera pa mbewu. Sindinawadandaule abwana, anali ndi ana asukulu. N'chifukwa chake pasiteshoni sitinasunge njere ya barele wa amalume ngakhale imodzi. Mbewu yonse inali m'debe limodzi, pakona ya chipinda cha amalume ku Mlangeni.

Dzinja linadutsa, lina linabweranso. Chaka chachiwiricho amalume sanadzale, khasu linali litawalemera. Anasiyanso kukwera phiri lathu. Ndinkapita ine, ndipo ndinkawapeza atakhala pampando pakhonde, atawonda, chijasi chikuoneka ngati cha munthu wina. Funso linali limodzi lomwe lija.

"Mlendo wabereka?"

"Sanabereke, amalume. Tikuyesa china."

"Mwamuthira shuga wokwanira?"

"Tamuthira."

Ankagwedeza mutu n'kuyamba nkhani za ng'ombe. Ulendo womaliza sanafunse n'komwe, ndipo zinandipweteka kuposa kufunsa kuja. Ndinawauza ndekha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyang'ana n'kunena kuti nkhono ili ndi nthawi.

Chakumayambiriro kwa chisanu shuga anasowa kotheratu, ngakhale pansi pa kauntala pa Nsipe panalibe. Kachewere wa pasiteshoni anali atatha, ndipo galimoto yokagula wina inali yakufa. Chuku chinali chitadzaza timbale, chofunika kusamutsa. Ndinathyola masamba a barele wa boma amene anali kuseri kwa labotale, ndinawawiritsa, n'kuthira agala m'madzi akewo basi. Msuzi wake unali wamadzimadzi, wobiriwira pang'ono, woti ukauona umachita manyazi. Sindinkayembekeza kanthu, ndinkangofuna kuti chuku chisafe podikira chakudya chenicheni. Pofuna kuti tisakhale ndi chakale chokhachokha, m'timbale tina ndinaikamo tizidutswa ta masamba odwala ongothyola kumene. Mu kabati munali modzaza ndi timbale tonenepa tija, ndiye tosaukati ndinangotisanja pazenera, popanda bulangete.

M'mawa mwake kunabwera bambo wina wa ku Mlangeni pa njinga. Atangotsika n'kuvula chipewa ndinadziwa kuti amalume atisiya.

Maliro anali aakulu kuposa mmene ndinkaganizira. Kunabwera azibambo okalamba amene anali nawo ku Joni, ena otsokomola ngati iwo. Akwaya anaimba, ndipo pambuyo pake amuna anavina ngoma ndi zishango zawo, fumbi kuti kobo, monga amachitira mwamuna wa Chingoni akagona. Ndinakhala kumeneko mpaka anthu atamwazikana. Debe lija ndinaliona pakona pake polowa m'nyumba, lovundikira ndi chiguduli. Sindinalitchule. Kwathu sufunsa za katundu wa malemu dothi la pamanda lisanaume, makamaka ukakhala muphwa wawo, chifukwa anthu anganene kuti unkangodikira. Ndiponso ndikanapempha mbewuyo kuti ndikatani nayo? Ndinalibe choithira, ndinalibenso poisunga. Ndinatsazika azakhali n'kubwerera kuntchito.

Timbale ta pazenera tija ndinali nditatiiwala. Timbaleto tinakhala pamenepo nthawi yonseyo, masana dzuwa, usiku chisanu cha Ntcheu. Nditatiyang'ana ndinaona kuti chuku changoyala pang'ono, chopyapyala, chopanda ubweya, pamwamba pake pali ngati fumbi lakuda. Ndinatisonkhanitsa kuti ndikatsuke. Abwana, amene anali ndi chizolowezi chosuzumira chilichonse akasowa chochita, anapalako pang'ono n'kuika pa maikulosikopu. Atasuzumira, anasuntha n'kundikodola.

Zinali njere. Zinali mbwee, zodzaza paliponse pamene diso lafika, zazitali ndi mfundo zake ngati tizidutswa ta nzimbe. Zambiri zinali m'timbale ta masamba atsopano aja. Chuku chathu chakale, chimene tinachisankha ndi kuchinenepetsa kwa nthawi yonse ija, chinali chitangobereka pang'ono chabe.

Abwana anakhala pampando n'kuvula magalasi.

"Tinkachikhutitsa," anatero. "Chinthu chokhuta, chofunda, chili mumdima, chiberekerenji? Chimabereka chikaona kuti chakudya chatha, chizifuna kwina kopita. Ndipo ife tinkasankha chonenepa n'kutaya chobereka."

"Ndikadadziwa ndikadaphika therere," ndinatero. Sitinaseke.

Ndinkafuna kuthamangira ku Mlangeni tsiku lomwelo. Abwana anati ayi, tiyambe tabwereza, chifukwa mwayi wa kamodzi si njira. Ankanena zoona. Tinali titawononga kale mbewu yambiri ya amalume chifukwa cha chiyembekezo, ndipo kukagogoda pakhomo la namfedwa n'kupempha debe pasanathe nthawi sichinali chinthu chochita mwachibwana. Ndinawiritsanso masamba, ndinasanjanso pazenera, tinadikira. Njere zinabweranso. Tinazisungunula m'madzi n'kupopera barele wa boma wa m'zitini, tinavundikira ndi mapepala apulasitiki kuti chinyezi chigwire, ndipo posakhalitsa timizere tija tinatuluka pa tsamba lililonse, mofanana bwinobwino. Njira inali itapezeka. Abwana anandipatsa tsiku loti ndipite ku Mlangeni, n'kundiuza kuti ndikabwere ndi mbewu yokwanira, za mapepala adzaona okha.

Ndinatsika basi dzuwa litakwera ndithu. Ndisanafike pakhomo ndinamva fungo la mowa wakupsa ndi mawu a anthu ambiri. Pabwalo panali migolo, amayi akusefa, azibambo atakhala pamthunzi wa mtengo wa pichesi. Azakhali atandiona ananyamuka, atamanga duku lakuda, nkhope yawo ikuwala koyamba chichitikire maliro.

"Wafika bwino, mwanangu. Uthenga unakupeza? Tinatuma mwana wa kwa achimwene."

"Sunandipeze, azakhali. Kuli chiyani?"

"Ndi mowa wa amalume ako, wowatsazika. Abale awo akufuna kubwerera kwawo, ndiye tinati tisachedwe. Khala pansi, wayenda."

Anandilowetsa m'nyumba n'kundiyalira mphasa. Maso anga anapita pakona paja. Panali tsache ndi mtsuko.

"Azakhali, debe lija la barele lili kuti?"

"Ndi limeneli tafululali," anatero. "Tidamunyika maliro atangotha. Adamera bwino kwabasi, kuposa mawere. Tidayanika, tidasinja, n'kusakaniza ndi chimanga. Amayi onse akuti chimera chotere sadachionepo."

"Yense?"

"Yense. Tikadasiyira yani?"

Sindikumbuka kuti ndinayankha chiyani. Ndikumbuka kuti ndinatuluka ngati ndikupita kuseri, n'kukayang'ana pamene anayanika chimera. Nkhuku zinali zitamaliza kale ntchito yake. Ndinapita kukadimba kaja kuseri kwa khola kuona ngati pali wina wodzimerera. Ng'ombe zinali zitapondaponda, panangotsala chisoso chouma. Ndinagwada n'kufukula dothi ndi zala ngati wamisala, mpaka ndinaona kuti ana akundiyang'ana.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza azakhali atandisungira chipanda chodzaza. Anandiyang'ana maondo afumbiwo, nakhala pansi pafupi nane.

"Nanga mlendo wanu uja?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinaganiza zowanamiza. Koma anali atandifunsa mwachindunji, ndipo anali munthu wamkulu.

"Wabereka, azakhali. N'chimene ndadzera."

Kunja wina anayamba nyimbo, ena n'kuyankhira. Azakhali anakonza duku lawo ngakhale linali bwinobwino.

"Sindidachite mwa ine ndekha," anatero. "Adanena okha, ali pamphasa pomwe wakhalapo. Adati, zija zakanika, mwanayu wavutika mokwanira, musadzamulemetsenso nazo. Barele ameneyu mudzawafululire anthu amwe, adzadziweko kukoma kwake ngakhale tsiku limodzi."

Apo m'pamene ndinalira, kuposa mmene ndinalirira kumanda. Sindinkalirira mbewu yokha. Ndinkalira chifukwa amalume anapita akudziwa kuti zakanika, pamene timbale tinali kale pazenera. Tinawadyetsa chiyembekezo zaka ziwiri, iwo n'kumakwera phiri ndi chifuwa chawo atanyamula uchi ndi shuga, zinthu zomwezo zimene zinkatichedwetsa. Tikanakhala aumbombo pang'ono, tikanamana mlendo wathu kamodzi kokha m'chaka choyamba, bwenzi atasuzumira okha pa maikulosikopu n'kuona ana amene ankawafunsa aja. Palibe amene analakwa mwadala. Tonse tinachita zimene tinaleredwa nazo, ndipo n'zimene zimandiwawa mpaka lero, chifukwa ndilibe woti ndimukwiyire.

Azakhali anakankhira chipanda kwa ine.

"Imwa," anatero. "Ndi wa amalume ako."

Ndinamwa. Unali mowa wabwino, wotsekemera pang'ono, wonunkhira mwachilendo. Kunja azibambo ankauyamikira, n'kumafunsana kuti kodi chimera chake n'cha chiyani. Wina anati ndi kambewu kena kamene malemu anabwera nako ku Joni. Mnzake anafunsa ngati katsalako koti adzale, ndipo anamuuza kuti ayi, ndiye anangoti, basi, n'kupempha kuti amuonjezere.

Lolemba ndinapeza abwana atadzaza kale dothi m'zitini, atazindandalika mizere iwiri pakhonde la labotale, wina wa barele wa boma, wina wa amalume. Anali atachita okha, ndi manja awo, atapinda malaya. Anandiyang'ana m'manja, anandiyang'ana kumaso, ndipo sanafunse. Tinayesa mitundu yonse ya boma imene inalipo, ndi njere za chuku zambiri zoti tikanatha kupopera boma lonse la Ntcheu. Yonse inagwa. Chaka chisanathe nkhani ya barele inatsekedwa, abwana anawasamutsira kwina, ine anandipatsa za matenda a kachewere.

Anthu amandifunsa ngati barele wa amalume akanapiriradi. Ndimafuna kuyankha kuti inde, chifukwa ndinamuona ndi maso anga ali wobiriwira pamene wina yense anali atapsa. Koma abwana anandiphunzitsa kuti kubiriwira kokha si umboni, ndipo umboniwo tinaumwa tsiku limodzi pabwalo la ku Mlangeni. Sindidziwa, ndipo sindidzadziwa. Kumudzi kuja amene amakumbuka amalume atsala ochepa, ndipo ukawafunsa amati ndi bambo uja wa chijasi amene analibe ana.